Kudzutsa banjo ya nsambo zisanu: zolemba za miyezi inayi

7 Sepitembala: katoni yafika

Katoni yafika dzulo ndi basi ya ku Johannesburg. Alamu anga anaipeza banjoyi pamsika wa zinthu zakale kumeneko, ndipo pafoni anandichenjezeratu: "Alamu, musayembekezere zambiri, chinthuchi n'chakufa." Sananame. Chikopa chinang'ambika kuchokera pakati mpaka m'mphepete. Nsambo palibe ndi imodzi yomwe. Mwa mbedza 24 zokungira chikopa zatsala 17, zonse zadzimbiri. Kiyi wa nsambo yachisanu, uja amakhala yekha m'mbali mwa khosi, anazuka n'kusowa, patsala dzenje lokha. Chomwe chandilimbitsa mtima n'chakuti khosi ndi lowongoka, ndaliyeza ndi rula yachitsulo, ndipo mbale yathabwa yakumbuyo, yomwe imaponya mawu kutsogolo, ilibe mng'alu.

Ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Zoimbira zomwe ndinakonzapo ndi magitala awiri a kutchalitchi basi. Amene andichititsa zonsezi ndi malume omwe anandilera. Ali ndi zaka 78, ndipo monga madoda ambiri a msinkhu wawo, nyimbo zawo ndi za Jim Reeves ndi Don Williams. Koma m'bokosi la makaseti awo munali ina yopanda chikuto, yomwe banjo yake inkagwa ngati matalala padenga la malata. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti ankaimba anthu atatu nthawi imodzi. Ndinadzamva nditakula kuti anali munthu mmodzi, Earl Scruggs, ndi zala zitatu. Ndawalonjeza malume kuti pa Khirisimasi adzamva kulira kumeneko pakhonde pawo.

Zolipira: R450 yobwezera alamu, K20,000 ya katoni pa basi.

14 Sepitembala: kuphwasula

Amene angayese ntchitoyi ajambule zithunzi ndi foni asanamasule chilichonse. Ine sindinatero, ndipo madzulo athunthu anathera pa kukumbukira mbali yomwe mawashala a ndodo ziwiri zachitsulo za m'kati ankakhala. Ndodo zimenezi ndi zomwe zimagwira khosi. Washala mmodzi akakhala polakwika, khosi limapendekeka.

Mbedza ndinaziviika m'viniga usiku umodzi, m'mawa n'kuzikwecha ndi sitiliwulu. Zayera. Zonse pamodzi K3,000. Za 7 zosowa zija ndinapita kwa wowotcherera ku Ndirande. Tinagwirizana zopinda misomali ya mainchesi 4 n'kuidula mazinga, koma manati akale anakana kulowa. K4,000 inapita madzi. Mnyamata wokonza njinga zamoto chapafupi ndiye anandipulumutsa: "Bwana, tengani masipoko, amabwera ndi nati yakeyake." Masipoko 8 pa K6,000, kudula ndi kupinda. Agwira bwino, ngakhale kuti ndi onenepa pang'ono kuposa mbedza zakale.

Pochotsa khosi ndinapeza mng'alu pachidendene chake, utali ngati chala chapakati, wobisika pansi pa vanishi. Ndinakhala pansi kaye, manja ali lende. Chomwe chinandidzutsa ndi nkhani ya mandolini ya Bill Monroe. Bamboyu anabadwa mu 1911 kufupi ndi Rosine ku Kentucky, ndipo gulu lake la Blue Grass Boys ndi lomwe linapatsa dzina mtundu wonse wa nyimbozi, bluegrass. Ankaimba mandolini ya Gibson F-5 yopangidwa mu 1923, yomwe anaigula m'nyumba yometera tsitsi ku Florida. Mu 1985 munthu wina analowa m'nyumba mwake n'kuiphwanya ndi chitsulo chosonkhezera moto. Mmisiri wa ku kampani ya Gibson, Charlie Derrington, anatola zidutswazo n'kuzimata chimodzichimodzi kwa miyezi ingapo, ndipo Monroe anabwerera nayo pasiteji. Wanga mng'alu ndi umodzi wokha. Ndaukanula pang'ono ndi nsonga ya mpeni, ndalowetsa guluu wa matabwa ndi jakisoni, ndapana ndi makalampu awiri masiku awiri. Guluu K6,500, jakisoni K500.

22 Sepitembala: chikopa choyamba chaphulika

Chikopa cha pulasitiki cha mainchesi 11 ndachifunsa m'masitolo atatu ku Limbe ndi m'tauni, palibe. Ndagula cha mbuzi, K5,000. Chikopa chenicheni chimafuna mkombero wa waya woti chikulungidwepo, ndiye ndapinditsa waya wa mamilimita 3 n'kuwotcherera polumikiza, K3,000.

Ndinachiviika, ndinapala ubweya ndi lezala, ndinachiyala pamphika wa banjo, n'kumanga mbedza zonse zolimba chikadali chonyowa. Kenaka ndinachiika padzuwa kuti chiume msanga. Cha m'ma 1 koloko masana ndinamva kuti phwa! kubwalo. Chinang'ambikira ndendende pomwe lezala inakanda. Zolakwa ziwiri, zonse zanga: lezala, ndi phuma.

1 Okutobala: chikopa chachiwiri

Ndinakaonana ndi agogo ena osema ng'oma ku Chileka. Atamva zomwe ndinachita anapukusa mutu. "Mwana wanga, chikopa chimadzikunga chokha chikamauma. Iwe ungochisonyeza njira. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Anandisankhira cha mbuzi yaikazi, chopyapyala, K6,000. Ubweya tinachotsa ndi phulusa lonyowa, popanda chitsulo chakuthwa. Mbedza ndinamanga ndi zala zokha, mkombero wapamwamba ndinausiya utakwera theka la sentimita, ndipo chinauma masiku asanu pansi pa benchi, kopanda dzuwa. Lero ndakunga pang'onopang'ono, kudumphadumpha mbedza moyang'anizana monga timamangira tayala la galimoto.

Agogo aja atachigogoda ndi chala anati, "Imeneyi ndi ng'oma yomera khosi." Anagunda penipeni. Banjo anaiyambitsa ndi anthu a ku Africa omwe anatengedwa ukapolo kupita ku zilumba za Caribbean ndi ku America, ndipo zoyambirira zinali za chipanda ndi chikopa. A mtundu wa Jola ku Senegal ndi ku Gambia ali ndi choimbira chawo chotchedwa akonting, chomwenso chili ndi nsambo yaifupi yokhudza ndi chala chachikulu. Monroe mwiniwake ankanena poyera kuti zambiri anaphunzira kwa malume ake, Pen Vandiver, woimba vayolini, komanso kwa Arnold Shultz, munthu wakuda woimba gitala amene ankaimba naye m'madansi ali mnyamata. Ife kuno banjo si mlendo. Tinakula tikumva Alan Namoko pa wailesi, ndipo tinkapanga zathu ndi zigubu zamafuta. Koma zomwe ndinaziona ine zinalibe kansambo kakafupi kaja, ndipo ndi kameneka kamene kamasintha zonse.

8 Okutobala: kiyi wachisanu, mlatho, nsambo

Dzenje la kiyi ndalitseka ndi kachidutswa ka mbawa, ndaboolanso, n'kulikuza mopendekera ndi mchira wa fayilo. Kiyi ndasema wa phingo, wongolowetsa mothina ngati wa vayolini. Tsiku loyamba ankabwerera yekha nsambo ikangokungika. Kumupaka choko cha kusukulu kwathetsa vutolo. Kafupa koti nsambo yachisanu idutsepo, pa freti yachisanu (mafreti ndi tizitsulo topingasa pakhosi), ndasema pa fupa la ng'ombe. Chidutswa cha phingo ndinagula kwa osema ziboliboli, K2,000.

Nsambo za banjo zimathera ndi kalupu, za gitala zimathera ndi kamkanda kachitsulo. Ndagula mapaketi awiri a nsambo zopyapyala za gitala yamagetsi, K24,000, chifukwa yoyamba ndi yachisanu zimafuna kukhala zofanana. Timikanda ndaphwanya ndi pulayala mosamala, malupu n'kutsala. Imodzi inaduka pophwanyapo. Kachunidwe, kuyambira pa yaifupi: G wokwera, D, G, B, D.

Mlatho, kamtengo kochirikiza nsambo pachikopa, kandivuta kawiri. Woyamba ndinasema wa mlombwa, wonenepa, ndipo banjo inkalira ngati ili m'thumba la chimanga. Wachiwiri ndapala mpaka kupyapyala, miyendo itatu, kutalika mamilimita 16, pamwamba kachingwe ka phingo. Mawu anatseguka nthawi yomweyo. Vuto lachiwiri linali malo. Ndinauika pakati pa chikopa chifukwa ndi pomwe diso linakonda, ndipo ndikakwera m'khosi manotsi onse ankasemphana. Muyezo wake ndi uwu: kuchokera pa fupa lakumutu kufika pa freti ya 12, kenaka kuwirikiza kawiri. Pa yanga ndi masentimita 33.5, ndiye mlatho ukhale pa 67. Ndalemba malowo ndi pensulo pachikopa.

15 Okutobala: zala zitatu

Zovala kuzala sindinazipeze. Cha chala chachikulu ndapanga ndi paipi ya pulasitiki yofewetsa m'madzi owira. Ziwiri zachitsulo ndadula pa chitini cha mkaka. Zoyamba zinandicheka chala chamkombaphala chifukwa sindinasalaze m'mphepete. Fayilo, sandipepa, kenaka kupukuta pachikopa cha lamba, vuto latha.

Sabata yonse ndakhala ndikulimbana ndi chinthu chimodzi. Kaimbidwe ka Scruggs ndi manotsi 8 ogubuduzika mosalekeza, ogawana pakati pa chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, kawirikawiri atatu, atatu, awiri. Nyimbo yeniyeni imabisala m'kati mwa mgubuduzowo. Dzanja langa limafuna kugwiritsa ntchito zala ziwiri zokha, chapakati chimangoyandama. Chomwe chathandiza n'kutsamiritsa kachala kakang'ono ndi kotsatira pachikopa, pafupi ndi mlatho, kuti dzanja lisavine, ndi kuimba mochedwa kwambiri mpaka mkazi wanga kufunsa ngati imeneyi ndi nyimbo.

Tsopano ndikumvetsa ndi zala zanga zomwe zinachitika mu Disembala 1945. Monroe anali kale pa Grand Ole Opry, pulogalamu ya nyimbo ya pa wailesi ku Nashville, kuyambira 1939, ndipo m'gulu lake munali kale banjo, ya David Akeman wotchuka ndi dzina loti Stringbean. Koma iye ankaimba kaimbidwe kakale, ndipo ntchito yake yaikulu inali yoseketsa anthu. Kenaka kunabwera Scruggs, mnyamata wa zaka 21 wochokera ku Flint Hill ku North Carolina, amene ankagwirapo ntchito m'fakitale ya ulusi. Sanayambitse yekha zoimba ndi zala zitatu, kwawoko kunali ena monga Snuffy Jenkins, koma iye anazisalaza mpaka banjo inatha kuimba nyimbo iliyonse pa liwiro lomwe Monroe ankafuna. Pambali pake panali Lester Flatt pa gitala ndi mawu otsogolera, Chubby Wise pa vayolini, Howard Watts pa besi. Anthu asanuwa anakhalira limodzi pafupifupi zaka ziwiri chabe. Zomwe anajambula ku kampani yojambula nyimbo ya Columbia mu 1946 ndi 1947 ndi zomwe aliyense woimba bluegrass amadziyezera mpaka lero.

Ndaphunziranso kuti banjo yokha siikwana. Ndikaimba ndekha mgubuduzowo umamveka ngati makina osokera. Umafuna besi pansi, gitala pakati, ndi china chodula mpata wa pakati pa kugunda, chifukwa m'nyimbozi mulibe ng'oma. Ndiyenera kupeza anthu.

29 Okutobala: mipando isanu ndi bolodi

Apezeka atatu. Aphunzitsi a kupulayimale oyandikana nafe ali ndi gitala. Mwana wa achemwali anga ali ndi babatoni ya nsambo imodzi yomwe anadzipangira, ndipo pa ntchito ya besi ikukwana. Mandolini tabwereka kwa mkulu wa mpingo wina amene anaisunga m'kabati zaka zambiri, ndipo akuiphunzira ndi mtsikana wa mu kwaya yathu, amenenso ali ndi mawu okwera omwe nyimbozi zimafuna. Mwana wa achemwali anafunsa ngati akazi amaloledwa m'magulu oterewa. Ndinamuuza kuti Monroe yemweyo anali ndi Sally Ann Forrester pa akodiyoni m'zaka za nkhondo, ndi Bessie Lee Mauldin pa besi kwa zaka zambiri pambuyo pake.

Anzangawa ankasokonezeka ndi mayina ndikamawaseweretsa nyimbo pafoni, ndiye ndaganiza zojambula mbumba yonse pa pulayiwudi yopachika mu shedi momwe timayeserera. Theka la pulayiwudi K18,000, penti woyera ndi wakuda K9,000.

Ndinayamba ngati mtengo, Monroe pa tsinde. Nthambi yoyamba ndi yosavuta: kumayambiriro kwa 1948 Flatt ndi Scruggs anachoka n'kuyambitsa Foggy Mountain Boys. Pampando wa Scruggs panakhala Don Reno, amene anadzapanga gulu ndi Red Smiley. Mu 1949 panabwera Jimmy Martin, nayenso n'kudzachoka kukayambitsa Sunny Mountain Boys, momwe munakulira J.D. Crowe. Sonny Osborne anaimba banjo kwa Monroe mu 1952 ali ndi zaka 14, asanakhazikike ndi mkulu wake Bobby monga Osborne Brothers. Mu 1963 kunadutsa Del McCoury ndi Bill Keith. Onse amene anakhalapo a Blue Grass Boys amaposa 150, ndiye ndinasankha ochepa.

Cholakwa chachikulu: a Stanley Brothers ndinawaika ngati nthambi yomera pa Monroe, penti n'kuuma. Si zoona. Carter ndi Ralph Stanley anayambitsa Clinch Mountain Boys mu 1946 kwawo ku Virginia, ndipo anatchuka pa wailesi ya WCYB ku Bristol. Kaimbidweko anakatola ndi makutu. Monroe sizinamusangalatse, moti Columbia itawalemba anyamatawo iye anasamukira ku kampani ina, Decca. Carter anadzaimba ndi Monroe mu 1951, kwa nthawi yochepa, koma gulu lawo linali litabadwa kale. Mankhwala ofufutira penti K4,000.

Pofufutapo ndinaona kuti mtengo wonsewo sukugwira. Nthambi za mtengo sizikumananso, koma anthuwa amakumana. Ricky Skaggs anayamba kwa Ralph Stanley ali mnyamata pamodzi ndi Keith Whitley, anadutsa ku Country Gentlemen, mu 1975 anali mu New South ya J.D. Crowe limodzi ndi Tony Rice ndi Jerry Douglas, kenaka kwa Emmylou Harris, ndipo m'ma 1980 anali katswiri wa country pa wailesi. Whitley naye anadzadutsa mu New South asanatchuke mu country. Douglas anakathera kwa Alison Krauss mu Union Station. Ndajambulanso ngati mapu a misewu: gulu lililonse ndi tauni, munthu aliyense ndi msewu. Ndi choko kaye. Penti abwera tikatsimikiza.

5 Novembala: vayolini palibe

Mpando wachisanu uli wopanda munthu. Tafunsa konse, woimba vayolini womasuka Loweruka sanapezeke. Bolodi ndi lomwe latipatsa yankho. Gulu la Seldom Scene, lomwe John Duffey anayambitsa ndi anzake mu 1971 kufupi ndi Washington atachoka ku Country Gentlemen, linalibe vayolini. Pamalo pake panali Dobro, gitala yoimba chogoneka ndi chitsulo chotsetsereka, yomwe Josh Graves anailowetsa mu bluegrass atalowa gulu la Flatt ndi Scruggs mu 1955. Nkhani ya Seldom Scene yatikhazika mtima pansi pa chifukwa chinanso. Anali anthu apantchito: John Starling dokotala wa opaleshoni, Ben Eldridge katswiri wa masamu, Tom Gray wojambula mapu, Duffey wokonza zoimbira. Ankakumana kamodzi pa sabata, ngati ife.

Ndatenga gitala yakale yopindika khosi, yomwe singaimbikenso ndi zala, ndakweza nsambo ndi kachidutswa ka aluminiyamu pafupa lakumutu, K1,500. Chotsetserekera ndi soketi yaitali ya sipanala. Akuimba ndi m'bale wa aphunzitsi aja. Malume nditawafotokozera anati, "Imeneyo ndi hawayani, ankaimba anthu kuno ife tili anyamata."

19 Novembala: kiyi ya B ndi maiki imodzi

Mtsikana wa mandolini mawu ake akhala bwino mu B, osati mu G. Monroe nayenso ankakweza nyimbo kumakiyi oterewa pofuna mawu okwera. Kapo ya gitala, kachipangizo kopana nsambo pakhosi kuti mawu akwere, pa freti yachinayi yagwira nsambo zinayi, koma yachisanu imayambira pamwamba pake, kapo siikhudza. Nditayesa kuikunga kufika pa B, inaduka. Yotsala ya paketi yachiwiri ndiyo ndaikapo, ina palibe. Njira yomwe yagwira ndi chivindikiro cha bolopeni: kudula kamchira kake, kucheka kamzere kodutsa nsambo, n'kukalowetsa pansi pa nsambo pa freti yomwe ukufuna. Mtengo wake palibe.

Ndinayesedwa kuboola mutu wa banjo kuti ndiikepo tizitsulo totsitsa ndi kukweza nsambo nyimbo ili m'kati, monga anachitira Scruggs kumayambiriro kwa ma 1950. Ndasiya. Khosi lomata kale sindikufuna kulipatsa mabowo ena.

Tili ndi sipika imodzi ya batire ndi maiki imodzi. Magulu akale ankaimbanso choncho pa wailesi ndi m'maholo a sukulu, monga Flatt ndi Scruggs pa pulogalamu yawo ya m'mamawa pa wailesi ya WSM yolipiridwa ndi kampani ya ufa ya Martha White kuyambira 1953. Amene ikufika nthawi yake amasendera kutsogolo, akamaliza n'kupatuka. Kuona pa kanema n'kosavuta. Ife tsiku loyamba mutu wa gitala unagunda mandolini, ndipo ine ndinaponda waya. Tajambula mivi ndi choko pansi: wolowa adzere kumanja, wotuluka kumanzere, besi isasunthe. Banjo ndi yaphokoso kuposa zonse, ndiye pamene wina akuimba mawu ine ndibwerere masitepe awiri ndi kusunthira dzanja kufupi ndi khosi, komwe imalira mofatsa.

Tinatsutsananso pa nyimbo ya m'kaseti ya malume, Foggy Mountain Breakdown, yomwe anajambula mu Disembala 1949. Banjo ikatsikira ku E minor, aphunzitsi ankaumirira kuti akumva gitala ikugunda E major. Ine ndinkati sizingatheke. Tinamvetsera kasanu. Anali olondola, Flatt ankagunda major pamenepo. Tasankha kuimba monga mwa kasetiyo, chifukwa ndi zomwe khutu la malume linazolowera.

3 Disembala: mvula

Mvula yagwa masiku atatu otsatizana ndipo chikopa chalefuka. Mlatho wamira, nsambo zikukhudza mafreti, kulira kuja kwa matalala kwasanduka kwa chidebe. Ndinakunga mbedza, koma agogo aja anandichenjeza pafoni kuti dzuwa likadzawala chidzaphulika. Ndabweza. Zomwe ndikuchita: mlatho wachiwiri wotalika mamilimita 19 wa masiku a chinyezi, ndi kuwotcha chikopa pambaula, patali ngati mkono wathunthu, kwa mphindi zisanu tisanayambe, monga amachitira oimba ng'oma. Chimagwira pafupifupi theka la ola.

Ndaganizira za anthu aja a m'ma 1940, onse ndi zikopa za ng'ombe, akuyenda usiku wonse m'galimoto imodzi, besi itamangidwa padenga, kuchoka kotentha kupita konyowa. Zikopa za pulasitiki zinabwera chakumapeto kwa ma 1950 ndipo ambiri anasamukirako. Ndawatumizira uthenga alamu kuti andifunire chimodzi, koma chifika mu Januwale.

10 Disembala: aphunzitsi akuchoka

Aphunzitsi asamutsidwira kumpoto, ndipo katundu anyamuka sukulu ikangotsekera. Anabwera okha kudzandiuza mu shedi. "Achimwene, ndakulakwirani." Sanandilakwire, koma kunena zoona zinandipweteka, moti usiku umenewo sindinawayankhe uthenga.

M'mawa ndinaima pa bolodi lija. Flatt ndi Scruggs atachoka, Monroe anasunga mkwiyo zaka zoposa 20, ndipo anadzagwirana chanza ndi Flatt mu 1971 pa chikondwerero chake cha ku Bean Blossom ku Indiana. Chonsecho awiri aja ndi amene anafikitsa nyimbozi kwa anthu ambiri, pa wailesi yakanema ndi ku Carnegie Hall mu 1962. Nawonso anapatukana mu 1969. Flatt ankafuna kaimbidwe kakale ndipo anayambitsa Nashville Grass, Scruggs ankafuna kuyesa zatsopano ndi ana ake mu Earl Scruggs Revue. Ralph Stanley mkulu wake Carter anamwalira mu Disembala 1966, iye n'kupitiriza ndi gulu lomwelo pafupifupi zaka 50. Pa bolodi lonselo palibe tauni imodzi yomwe anthu ake anakhalitsa osasintha.

Ndinapita kunyumba kwa aphunzitsi ndi mapepala onse a makodi, ndi zovala kuzala zinayi zomwe ndinapanga usikuwo. Akuti kumene akupitako kuli mnzawo wa vayolini.

Gitala watenga mnyamata wa zaka 16, mnzake wa mwana wa achemwali. Makodi amawadziwa, koma amakwapula nsambo zonse ngati m'kwaya. Aphunzitsi amupatsa masiku anayi omwe atsala: nsambo yakumunsi kaye, kenaka kukwapula, ndi kathamangidwe kakafupi ka manotsi kotsekera mzere, komwe Flatt anatchuka nako. Marty Stuart analowa gulu la Flatt mu 1972 ali ndi zaka 13, ndiye msinkhu sindikuuopa. Nthawi ndiyo yachepa. Nyimbo tadula, pa 6 zatsala 3: ziwiri za m'buku la kutchalitchi zoimba m'Chichewa ndi mawu atatu, ndi ya m'kaseti ija.

26 Disembala: pakhonde

Tinaimba dzulo cha m'ma 4 koloko, mvula itangokata. Mbaula inali pakona ya khonde. Anthu analipo ngati 30, achibale ndi oyandikana nawo.

Nyimbo yoyamba inayenda bwino. M'yachiwiri kiyi wa phingo anabwerera, chinyezi chinagonjetsa choko, ndipo ndinamaliza ndi nsambo zinayi. Ndinamukankhira m'kati, kupaka choko china, kuwotchanso chikopa. Yachitatu tinaiyamba pa liwiro lomwe tinagwirizana, pafupifupi theka la liwiro la m'kaseti, koma mnyamata wa gitala anthu atayamba kuomba m'manja anathamanga, ine n'kumutsatira, zala n'kusokonekera kawiri. Amene anatibweza ndi mtsikana wa mandolini. Anasendera pa maiki n'kudula mwamphamvu mpaka tonse tinamumva. Ntchito imeneyi ndi yomwe Monroe ankagwira m'gulu lake, ndipo dzulo ndaiona ndi maso.

Malume sanaombe m'manja. Anakhala chete chigwirire ndodo yawo, kenaka anati, "Bwera nayo kuno." Anaiika pamiyendo, anasisita chikopa ndi chikhatho, anakhudza nsambo yaifupi ndi chala chachikulu katatu. "Kameneka ndi kamene ndinkakamva. Ndinkadabwa kuti kakuchokera kuti." Anatiuza tibwerezenso yachitatu ija, ndipo ulendo wachiwiri tinaimaliza osaphonya.

Zonse pamodzi ndawononga K112,500 ndi R450, kuphatikizapo K9,000 ya misomali ndi chikopa choyamba zomwe zinapita pachabe.

Zotsala: kiyi wachisanu wa magiya, alamu amuika m'katoni imodzi ndi chikopa cha pulasitiki. Freti yachiwiri ndi yachitatu zadyeka pansi pa nsambo yoyamba ndipo zikufuna kusinthidwa, waya wake sindinaupeze. Mandolini tibweza kwa eni ake pa 5 Januwale, ndiye ndayamba kuyeza matabwa a mbawa omwe anatsala pa kabati ya kasitomala. Bolodi likadali la choko. Kumunsi kwake kumanja mwana wa achemwali wajambula timatauni tiwiri, Blantyre ndi Mzuzu, ndi msewu umodzi pakati. Loweruka ndipaka penti.